Malaiti Abwela, Ba Ignatius

Lolemba, 7 Okutobala
Ba Ignatius ayambanso. Munthu imvi mpaka m'makutu, ati akutulutsa chimbale chatsopano. Gitala ndinaibisa kuseli kwa wadilopu ija aipeza. Ine ku Dolika, gulu lathu la azimayi a kutchalitchi, ndinalengeza kale kuti amuna anga anasiya nyimbo za dziko, azimayi mpaka anaomba m'manja. Kumapeto kwa mwezi tisankha mtsogoleli ndipo dzina langa lilipo. Akangomva, mpando wandipita.

Lachitatu, 9 Okutobala
Situdiyo ndi pabalaza panga, pano pa Chelstone, pa batile ya galimoto poti malaiti kulibe. Chola wojambula mawu wapachika mabulangete anga a alendo m'mawindo. Ati, "Ba mami, osapanga chongo." M'nyumba mwanga!

Lachinayi, 10 Okutobala
Ndasinja mtedza dala pansi pa windo. Sanasiye. Masana ali pakati pa nyimbo yawo yolilitsa, fuliji inangoti ng'uuu. Ndinalowa ndikukuwa: "Malaiti abwela, Ba Ignatius! Siyani vamasewela, kasiteni malaya!" Chola anagwila mutu. Nyimbo yafa imeneyo, mtima wanga mbee.

Lachiwili, 22 Okutobala
Mayo ine! Mu minibasi yopita ku City Market dalaivala anatsegula nyimbo. Gitala ndinaidziwa pomwepo, kulila kwake komwe kunandipusitsa ndili mtsikana. Kenako liwu la mkazi: "Malaiti abwela, Ba Ignatius!" mobwelezabweleza, ng'oma ili pansi. Basi yonse ikuyankha, "Kasiteni malaya!" Mayi wa pambali panga ati, "Uyu mukazi ni mfiti, koma mau ali nayo." Ndinatsikila panjila, thukuta kamukamu.

Kunyumba ndinawaimika bambowo. Iwo ati, "Virginia, zaka zonse izi nenze kusakila kolasi ya nyimbo. Kansi nenze kugona nayo." Kuseka kunabwela, ndinakumeza. Sindikuwalankhula.

Lachisanu, 25 Okutobala
Ndayesa kulankhula ndi kamawu kakang'ono kuti asandizindikile. Wogulitsa tomato wandifunsa ngati ndadwala.

Sondo, 27 Okutobala
Ku Dolika tisanakweze manja, Mai Sampa, mtsogoleli wotuluka, anavula magalasi. "Ba Virginia, tifunseko. Yaja mau ya mu mabasi, ni yanu?" Bodza linali kale pa lilime, koma kukana liwu langa lomwe, ayi, zinandiwawa. Ndinati, "Ni yanga. Na malaya sanasite mpaka lelo." Ena anaseka mpaka kubisa nkhope m'zitenje. Mai Sampa sanaseke. Asankha Ba Emmy, amene ndimapikisana nawo.

Ndinalila pang'ono kuseli kwa tchalitchi, ndisaname. Ba Ignatius anali pageti, chipewa m'manja ngati afika pamalilo. Tinayenda limodzi mpaka pa okazinga chimanga. Ndiye iwo, motsitsa: "Pepani, amake Pearl. Nizauza Chola achosemo mau yanu chimbale chikalibe kuchoka."

Ndinaima pakati pa msewu, njinga mpaka kundiimbila belu.

"Yesani muone," ndinatelo. "Ndipo pachikuto mulembe Virginia, zilembo zikuluzikulu."