Chibangili cha Amake Tisa

Lachinayi, Novembala. Kunja kwazizira ndi mvula, ndipo mtima wanga walemera.

Ndinapita ku Nkomeshya kukatenga chibangili chamkuwa chimene Amake Tisa anafukula m'munda mwawo. Pa chithunzi chimene ananditumizira chinali chobiriwira ndi dzimbiri, timakala titamatirira mkati pamodzi ndi dothi. Timakalato tikanapimidwa ku labu n'kundiuza zaka zake. Kafukufuku wanga wa osula akale wakhala akudikira chinthu chotere zaka ziwiri.

Anandipatsa chili pambale, chikunyezimira ngati chogula dzulo.

"Nachisuka na phulusa na mandimu, ba Tembo," anatero akumwetulira. "Mulendo sitimupasa chinthu chadoti."

Ndinathokoza. Ndikanati chiyani? Wolakwa ndine. Pafoni ndinangoti achisamale, osafotokoza, ndipo iwo anachisamaladi.

Ndinapempha kuona pamene anachipeza. Ng'ombe zinalimapo kale, chimanga chabzalidwa.

Labu ingathebe kuona zimene osula anasakaniza mu mkuwawo, koma zaka za chibangilicho zinapita ndi madzi otsukira. Mwina ntchitoyi si yanga. Mawa ndikwera minibasi ya ku Lusaka kukauza wondiyang'anira pa kafukufukuyu. Ndiyamba ndi kunena kuti n'chokongola, kenaka…