Musadzamutenge Rawda

Sennar, m'dzinja

Wokondedwa mlongo wanga Abdeen,

Mtendere wa Mulungu ukhale pa iwe ndi onse a pakhomo. Kodi bondo lija likukulola kugwada popemphera? Nanga mlamu wanga Nafisa ali bwanji? Ine ndilipo, ukalamba wokhawu. Akundilembera ndi mkazi wa telala woyandikana nafe. Ndasankha kalata chifukwa pafoni umandidula mawu, ndipo nkhani iyi ndi yofunika kuimva mpaka kumapeto.

Kuno mvula yanyanya. Ngalande za m'minda zasefukira, madzi adikha mpaka kuseri kwa mzikiti, udzudzu ukulira ngati makina a telalayu. Mbuzi yanga ina yafa. Koma zimenezo n'zazing'ono.

Nkhani ndi ya mwana wako Rawda, mkazi wa mwana wanga Mutasim. Sabata yatha anayamba kunjenjemera dzuwa likuswa mtengo, mano kuchita kugundana. Ndinamufunditsa mabulangete onse a m'nyumba. Kenako thupi linatentha, n'kumasanza ngakhale madzi. Kwathu ku Argo n'kouma, thupi la mwanayu malungo siliwadziwa. Ndiye amupeza ali ndi pathupi poyamba, mwezi wake uli pafupi.

Kuchipatala anamubaya chala, natenganso magazi pamkono. Dokotala, mtsikana ndithu koma wosathamanga polankhula, anandikhazika pansi. Akuti tizilombo ta malungo tachuluka ndipo tikumudyera magazi. Anakoka chikope cha m'munsi cha Rawda kundionetsa, m'kati muli mbee ngati thonje. Akutinso m'magazi mumakhala tinthu timene timawaundanitsa munthu akatemeka, ndipo mwa Rawda tatsala tochepa. Ndinafunsa kuti nanga pobereka zidzatha bwanji. Anati aberekere pamalo pamene angamuwonjezere magazi.

Anamupatsa mankhwala a m'botolo, thupi linazizira, tinabwerera kunyumba. Vuto layambira pomwepa. Rawda akuti wachira. Wamva kuti Lachisanu mukutuma mchimwene wake Haisam kudzamutenga, kuti mwana woyamba akabadwire m'manja mwa agogo ake monga mwa mwambo wathu. Walongedza kale, manja wakongoletsa ndi utoto wa hina. Nditamuletsa anandiseka, akuti azakhali mukungoopa kutsala ndi Mutasim, munthu wosadziwa ngakhale kuwiritsa tiyi. Ndinamuuza kuti iwe kamwano, kuchoka pabedi kufika pamtsuko umapumira panjira, kwanu ukafika ndi miyendo ya ndani? Mutasim mawu a malume ake sangawakane, ndipo iwe ukudziwa zimenezo.

Dzulo m'mawa ndinamuona Rawda akukwirira mchenga pamene anataya mkodzo wa m'chitini. Atalowa ndinafukula. Wakuda ngati khofi, Abdeen. Maso ayamba chikasu, ndipo akatsuka mano mswachi umatuluka wofiira. Wandipempha kuti ndisakuuze. Ndakuuza. Lero tikubwerera kuchipatala, afune asafune.

Mwambowu sindikuunyoza. Nanenso Mutasim ndinakamuberekera kwa mayi athu, iwe uli kamnyamata, ndiwe unathamanga kukaitana azamba. Koma ganizira msewu wa m'chipululu uja. Akayamba kutaya magazi m'basi, Haisam adzawaletsa ndi chiyani? Ndikudziwa akazi a kumudziko adzati Batul wakaniza mwana wa eni ake. Anene. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Pempho langa ndi limodzi. Haisam abwere ndithu Lachisanu, koma osati kudzatenga munthu. Abwere ndi Nafisa, ndipo mnyamatayo akonzeke kupereka magazi akadzafunika. Mwambo umati mtsikana abereke m'manja mwa mayi ake. Sunanene kuti manjawo sangakwere basi. Likadzakwana tsiku lomutulutsa mdzukulu wathu m'chikuta, Mulungu akalola, tidzamusambitsa kumaso mumtsinje konkuno. Mtsinjewu ndi womwewo wa kwathu, madzi ake adzadutsa pakhomo pako.

Undiperekere moni kwa mkulu wathu Sakina, kwa ana a malemu achimwene, ndi kwa adzukulu onse. Mlamu wanga umuuze kuti bedi ndamuyalira kale, pafupi ndi la mwana wake. Ndamva kuti akusoka timalaya ta khanda. Asadikire kumaliza.

Ndine mlongo wako amene anakubereka kumbuyo,
Batul