Matumba a Njoka Ndasoka

Achimwene,

Pepani kukuvutitsani ndi kalata muli pantchito kumapiri a ku Mexico. Kuno ku Tottenham tili bwino, koma Amayi akutsokomolabe.

Matumba munapempha aja, onyamulira njoka zazing'ono za mchira wolira, ndasoka. Msoko uliwonse ndabwereza kawiri, kuopa kuti ina ingatulutse mutu n'kukulumani. Amayi atandipeza pamakina anafunsa, "Timapilo timeneti n'ta yani?" Ndinangoti n'tanu. Anatenga thumba limodzi n'kupetapo dzina lanu, akuti muzitsamira. Limenelo musaikemo njoka, chonde.

Munalemba kuti mukaziyeza mumazibwezera pamwala pomwe munazipeza, kuti zisathe. Nanga inu mudzabwerera liti? Khirisimasi ino ndi yachitatu mpando wanu uli wopanda munthu.

Mulungu akusungeni. Matumba akafika muyankhe msanga, ndidziwe kuti misoko yagwira.

Ine mlongo wanu,
Tiyamike