Makuki Otsala mu Kompyuta ya Bambo Uja

LOLEMBA

[09:12] Agogo 🎤 0:55
Mkazi mnzanga, wadzuka? Mlongo wako akuti wagula makina osokera pa intaneti, akakutulira pakhomo. Mtima wanga sukukhala pansi. Miyezi itatu tabisa kumene ukukhala, ngakhale azakhali ako sindinawauze, lero iwe n'kukalemba nambala ya chitseko m'foni? Mwamuna amene anakuthyola dzanja samagona tulo, mwana wanga. Ndiye pali zija akuti makuki, akuti unawasiya mu kompyuta ya kunyumba ija. Kaya n'zodya kaya n'chiyani, uchotse. Lero lomwe.

[09:15] Telala
kkkk agogo si zodya. ndadzuka bho. makina akale anatsala komwe kuja, ndisoka ndi mano?

[09:16] Achimwene
sis tisaseke. shop ya pa intaneti wagulako makinayo, ndi yomwe umagulako ulusi ija, umalowera pa kompyuta ya alamu eti?

[09:16] Telala
eya kalekale

[09:17] Achimwene
unachonga pa remember me?

[09:17] Telala
mwina. password ine ndimaiwala, mukudziwa

[09:19] Achimwene
ok mvetsera. cookie ndi kakhadi kamene website imasiya mu browser ya kompyuta imene walowerapo. ukabweranso imangoona kakhadiko nkutsegula, osafunsa password. siidziwa kt wakhala pampando ndi ndani

[09:20] Telala
km miyezi itatu? sizinafe zokha?

[09:22] Achimwene
ena amafa ukangotseka browser. a remember me ayi, amakhala mwezi, ena mpaka chaka. ena munthu akangolowa masiku amayambiranso

[09:22] Achimwene
sintha password kenako dina log out all devices. 5 mins basi

[09:31] Agogo 🎤 0:38
Mayi wa m'foni wowerenga mauthenga uja wandiwerengera zonse. Zachingerezizo zandidutsa, koma za kakhadi ndamva. Ndiye kuti kiyi wa chipinda chako ali patebulo pa bambo uja, wangokhala phee kudikira dzanja. Mlongo wako amakonza makompyuta tsiku ndi tsiku, mumvere. Usati ndichita mawa. Pakadafunda padajiwitsa galu.

[09:33] Telala
ndamva agogo anga 🙏 ndili ndi diresi ya munthu m'manja, ndipanga

[12:40] Telala
ndachotsa. clear cookies zonse mbee. mwakhutira a professor?

[12:58] Achimwene
👍 ndili ndi customer, tiyankhulana

[13:04] Agogo 🎤 0:14
Chabwino. Koma katani wa pazenera uja uzitseka, ndi woonekera. Ndipo usamayanike zovala zako kutsogolo, iye amazidziwa.

LACHINAYI

[10:05] Telala
makina akubwera lero 2pm 💃💃 agogo muyeze chiuno, siketi yoyamba ndi yanu

[10:11] Agogo 🎤 0:09
Chiuno chake chiti, chinatha kalekale. Akabwera uyambe wasuzumira pazenera.

[13:19] Agogo
📞 sanayankhe

[13:20] Agogo
📞 sanayankhe

[13:24] Agogo 🎤 1:47
Ana inu, mverani bwinobwino. Bambo uja anali pano. Ndinakhala pakhonde ndikusoka batani la juzi, ndangoona galimoto yake yaima pageti. Watsika, malaya oyera ositasita, m'manja jumbo ya malalanje. Walowa mwaulemu ngati mkamwini weniweni, chipewa wavula, akuti agogo mwaswera bwanji. Ine ndati ndaswera. Wakhala pampando wa malemu agogo anu osauzidwa, watenga lalanje limodzi, wayamba kusenda ndi chala pang'onopang'ono, khungu lonse osaduka. Sanafunse kuti mdzukulu wanu ali kuti. Miyezi yonseyi akabwera amafunsa, lero ayi. Wangoti, agogo, mkazi wanga wapita patsogolo, wagula makina obiriwira, a mapazi anayi. Ine singano yandibaya. Ndati makina ake ati. Waseka, akuti musavutike mayi, ndaona zonse ndili pampando kunyumba. Chipinda nambala sikisi, kuseri kwa galaja, thu koloko. Akuti makina amalemera, dzanja lake lija silinapole bwino, ndikamuthandize kunyamula. Lalanje wandiikira pamwendo, wadzuka, geti watseka bwinobwino. Wapita, ana inu. Walowera njira ya kumeneko. Mwana wanga tuluka, usatenge kanthu, pita kwa mayi eni nyumbayo ukadzitsekere.

[13:25] Agogo
📞 sanayankhe

[13:27] Agogo 🎤 0:11
Iwe wamakompyuta, siya zimene ukuchitazo. Mlongo wako sakuyankha. Thamangira kumeneko.

[13:38] Achimwene
ndangomvera, foni inali mu drawer. sis uli kuti

[13:38] Achimwene
📞 sanayankhe

[13:39] Achimwene
ma cookies aja unachotsa pati??

[13:44] Telala
eee mwatani ma missed call onsewa, inali pa charger ndimakolopa. makina asafikire pa fumbi kkk

[13:44] Telala
pa foni yanga, nanga pati

[13:44] Achimwene
password unasintha?

[13:45] Telala
ndisintha weekend. agogo vn yanu ndi yaitali ndimvera kenako

[13:45] Achimwene
sis wachotsa kakhadi ka mfoni mwako basi. ka pa kompyuta yake kakadalipo. waona order, address, nthawi, zonse. akubwera kumeneko

[13:45] Telala
dikirani kaye akugogoda, a delivery afulumira

[13:45] Achimwene
USATSEGULE

[13:46] Achimwene
📞 sanayankhe

[13:46] Achimwene
📞 sanayankhe

[13:47] Agogo 🎤 0:16
Thu koloko sinakwane, mwana wanga. Si a makina amenewo. Suzumira kaye. Ndakugwira mwendo, suzumira.

[13:49] Achimwene
ndakwera njinga yamoto. ndaimbira police, akuti atumiza anthu. agogo khalani mnyumba mukhome

[13:58] Agogo 🎤 0:21
Ndakhoma. Malalanje aja ndataya kudzala. Wafika pati? Uuze wanjingayo athamange, koma asakugwetse. Iwenso usakalimbane naye, bambo uja manja ake ukuwadziwa.

[14:16] Achimwene
ndafika. chitseko ndi chotsegula. ndowa yagubuduka, madzi mpaka pakhomo

[14:17] Achimwene
a delivery ali pano ndi katoni, akuti afika 2 ndendende apeza mulibe munthu. mayi a nyumba akuti anamva galimoto basi, ankachapa kuseri

[14:17] Achimwene
ndikanamufunsa tsiku lija kt wachotsa pati. ndinangoika chala 👍

[14:19] Agogo 🎤 0:07
Nsapato zake zilipo?

[14:20] Achimwene
zilipo agogo. zonse ziwiri

[14:52] Telala
Ndili bwino. Ndabwerera kunyumba kwanga mwa kufuna kwanga. Musavutitse apolisi, ndi nkhani ya m'banja.

[14:53] Achimwene
alamu mpatseni foni mlongo wanga

[14:55] Agogo 🎤 0:24
Bambo, ndine gogo wake. Sindikukutukwanani, sindikukunenani kanthu. Ingomupatsani foni adine, anene liwu limodzi lokha ndimve. Ngakhale atsokomole, ndimudziwa.

[14:56] ✓✓ zamvedwa

[15:03] Telala watuluka mu gulu