Gemu ya Paida Sitiichotsa

Highfield, Harare

Okondedwa malume,

Ndikhulupirira muli bwino ku Dedzako. Kuno tikupuma ndithu, ngakhale magetsi akumabwera ngati mlendo.

Mwana wanga Paida, uja munamusiya akukwawa, wapanga gemu yosewera pa foni. M'gemumo muli mayi wogulitsa tomato pamsika wa Machipisa, akudumpha ngalande ndi madenga a makombi, maminibasi akuno, pothawa olanda katundu. Olemba za magemu akunja ayamikira zithunzi ndi nyimbo zake, koma akudandaula kuti ndi yovuta, munthu sapambana. Paida anangoseka, amvekere, "Amayi, inuyo munapambanapo liti?"

Kuno nyuzipepala ina yalemba kuti akunyozetsa dziko. Lachiwiri kunabwera amuna awiri achilendo, kufunsa kuti Paida amagona chipinda chiti. Ndinawauza kuti, "Mayi ali m'gemumoyo ndine. Funsani ine." Anachoka osatsanzika.

Bambo ake akuti aichotse pa intaneti, koma ine ndakana. Zaka zonsezi olanda katunduwo akhala akundilanda tomato ndili chete. Apa pokha ayi.

Masiku ano Paida wabisala ku Hatcliffe, mbali ina ya Harare, kwa anzathu akutchalitchi. Kodi m'kanyumba kakuseri kwanuko kaja munkanena muli munthu? Ndangofunsa chabe.

Ine mwana wa mlongo wanu,
Magret