Kadisiki katsopano ndi zimene sindinakuuze pa foni

Wokondedwa mlongo wanga,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Chifuwa cha wamng'ono uja chinatha? Ine kuno ndiliko, msana wokha ndi umene umadandaula ndikakhalitsa pampando.

Unandifunsa pa foni ngati alamu agule kadisiki ka kompyuta kamene kangotuluka kumene, kaja amati SSD, kapena ayambe adikira mtengo utsike. Ndinakuyankha mozemba. Lero ndikuyankhe bwinobwino, chifukwa ine ndinagula kale.

Ukudziwa mmene inalili kompyuta yanga yojambulira mapulani a nyumba. Ndikaiyatsa ndinkapita kukasamba, pobwera n'kuipeza ikuganizabe. Pulani ya nyumba yosanja inkandidyera tsiku lonse, disiki yakale ikulira ngati njinga yopanda girizi.

Ndinapita kwa wokonza makompyuta wa pakona paja, bambo wa magalasi amene anthu amangomutcha Mawaya. Iyeyo, ngakhale ali wogulitsa, anandiletsa. Anati katundu akangotuluka mtengo wake umakhala wamisala, ndidikire miyezi iwiri kapena itatu. Apo ayi nditenge ka chaka chatha, pakuti pa ntchito yanga kusiyana kwake sindingakuone n'komwe.

Ndinabwererako kanayi sabata imodzi, mafunso ali omwewo. Ulendo wachinayi anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti, "Achimwene, mukufuna disiki kapena mukufuna wocheza naye?" Ndinaseka nawo, koma manyazi anandigwira mpaka m'makutu. Ndinagula pompo, pa mtengo womwe uja, kuti ndioneke ngati ndinabwerera zanzeru.

Kunena zoona, kakugwira ntchito. Ndikadina batani, ndisanakhazikike pampando kompyuta yatseguka. Ntchito imene inkandifikitsa madzulo tsopano imatha dzuwa lisanafike pamutu. Sikalira, sikavuta. Komabe uwauze alamu adikire. Liwiro lake lidzakhala lomweli mtengo ukadzatsika, ndipo iwo alibe chowathamangitsa.

Ine ndinali nacho, ndipo n'chimene chandilembetsa kalatayi.

Mlamu wako sanapite kukadwazika mayi ake monga ndinakuuzira. Anachoka, uno ndi mwezi wachinayi. Sitinamenyane, sitinatukwanane. Anangoti watopa kukhala ndi munthu amene amamuona nkhongo yokha, nkhope ili pa kompyuta. Ine ndinamuuza kuti vuto ndi makinawa, akadzakhala achangu ndizidzamaliza msanga, tizidzakhala limodzi pakhonde. Iye anangopitiriza kupinda zovala zake. Anatenganso makina ake osokera, ndipo pamene ankakhala paja simenti yake ndi yoyera kusiyana ndi chipinda chonse.

Nditaika kadisikiko ndinamutumizira uthenga kuti masiku ano ndimaweruka masana. Anayankha patapita masiku awiri: "Ndasangalala nawe. Uzipumula." Panathera pomwepo.

Ndiye ikakwana masana ndimasesa m'nyumba mosesedwa kale. Ndimatsegula mapulani amene ndinapereka kalekale n'kumasuntha mawindo a nyumba za eni ake, kenako n'kuwabwezera pamene anali. Kupyola khoma ndimamva aneba akutsuka mbale ndi kukangana za amene wasiya mpopi wosatseka. Dzana ndinadzidzimuka nditazindikira kuti ndikuyankha wailesi. Kwa Mawaya nako ndilibe chopitira, pakuti kompyuta ilibenso vuto.

Amayi usawauze kaye, mtima wawo ukuudziwa. Ndidzawauza ndekha pamaso.

Pempho langa ndi limodzi. Ndilole ndibwere kwanuko milungu iwiri yokha. Sindivuta, ndizigona pabalaza, m'mawa ndiziperekeza ana kusukulu, ndipo chitseko cha kukhitchini chimene umadandaula chija ndichikonza. Kompyuta ndiisiya kuno. Uyambe wawafunsa alamu, ndipo akakana usawakwiyire, ndimvetsa. Ndikungofuna kudya patebulo pamene wina angandiuze kuti ndimupatsire mchere.

Poyankha usalembe uthenga. Imba, ngakhale kwa mphindi ziwiri, ndimve mawu.

Undiperekere moni kwa alamu, kwa ana onse atatu, ndi kwa azakhali ukawaona. Mulungu akusungeni ndi kukupatsani mphamvu nonse m'nyumbamo.

Ndine,
Achimwene ako