Malaba a Kambuzi mu Mphika wa Thobwa

Amayi anga, kumeneko kwacha bwanji?

Kuno kwacha ndi chisanu chija mumachidziwachi, chimene chimatsika ku mapiri a ku Lizulu n'kulowera pansi pa chitseko. Ndikulemba nditakhala pakhonde, pa mpando wanu wa ndalema, dzuwa likungofika kumene kumapazi. Lero ndi Loweruka, kusukulu sindinapite, ndipo m'nyumba muli zii moti wotchi ya bambo ndikuimva ndili panja.

Ndiyambe ndi zabwino. Mlongo wanga Felesita anachira bwino ku chipatala cha ku Kasinje m'mwezi wa Febuluwale, mwana wamkazi. Anamupatsa dzina lanu, Edina. Makutu ndi anu enieni, aja oima ngati akumvetsera za eni. Ine ndamunyamula kawiri kokha, ndipo kawiri konseko ndinkaopa kuti ndimugwetsa. Chimanga tinakolola chokwanira munthu mmodzi ndi alendo ake. Mbatata ya kachewere ya ku dimba la kumunsi inagwidwa ndi chiwawu. Ndinachedwa kupopera chifukwa ndinkangoti ndiona mawa. Mbuzi yanu yamawanga inaswa ana awiri. Pichesi wa kuseri kwa khitchini anabereka kwambiri chaka chino, ndipo ambiri anaolera pansi popeza panalibe wowagawa monga munkachitira inu.

Koma nkhani imene yandikhazika pansi lero ndi ya Kambuzi.

Mukukumbukira tsiku limene bambo anabwera naye kuchokera ku Joni, atasiya ntchito ya ku mgodi, zipani zambiri zitangoyamba kumene? Mudzi wonse unkayembekezera lole yonyamula mbatata. Iwo anatulukira ndi kagalimoto kofiira ka zitseko ziwiri, kopangidwira liwiro, kosanyamula ngakhale matumba atatu. Inu munakazungulira kamodzi n'kunena kuti, "Aka ndi kambuzi, kochepa koma kowawa." Dzina linakhala lomwelo. Bambo atatisiya, anthu angapo anabwera kudzamufuna, inu n'kumakana. Munkati munthu sagulitsa chijasi cha mwamuna wake. Ndipo ndi Kambuzi yemweyo amene ndinkakutengerani kuchipatala miyezi yomaliza ija.

Paulendo wathu womaliza munamva nokha mmene ankachitira. Ndikangosintha giya, pansi pa boneti pankamveka "gu!" ngati wina wamenya ng'oma. Munandifunsa ngati tagunda galu. Ndinakuyankhani kuti ndi zazing'ono. Sizinali zazing'ono. Injini imakhala pa malaba atatu omangidwa m'zitsulo, amene amakanika amawatchula kuti mamauntini. Malabawo anali atang'ambika ndi ukalamba, ndiye injini inkangodzigwedezera mmene ifunira. Titakuikani m'manda, ndinamuimika pansi pa mtengo wa pichesi, sindinamulizenso. Nkhuku zinayamba kuikira mazira pansi pake.

Pa msonkhano wa banja, maliro atatha, bambo aang'ono a Elesitoni ananena maganizo awo. Anati galimoto yosayenda ndi khola la makoswe, pamene ekiselo yake ya kumbuyo ndi matayala zingapange ngolo yabwino yotutira mbatata kupita ku Lizulu. Sananame, amayi, ndipo n'chimene chinandipweteka. Ine ndinangoti ndidzaikonza, mawu akutuluka mwapansipansi monga mwa nthawi zonse. Iwo anaseka n'kuti, "Chabwino, aphunzitsi. Ikadzafika yokha kumanda tsiku la chiliza cha mayi ako, ndi yako. Ikadzakanika, ndidzabwera ndi sowo ndi ng'ombe zanga." Onse anavomera.

Ndinali ndi chaka chathunthu, koma mukundidziwa. Miyezi inapita ndikungomuyang'ana pawindo. Nditayamba kufunafuna malaba atsopano, ndinapeza kuti a galimoto ya mtundu umenewu sapezekanso. Ndinafunsa pa boma, ndinatuma uthenga ku Lilongwe ndi ku Limbe, yankho linali limodzi: "Zimenezo zinatha kalekale, bwana." Kenako ndinakumbukira zimene ndinawerenga ndili ku koleji ya zaumisiri, kuti anthu a mipikisano ya galimoto amadzaza malaba akalewo ndi mankhwala otchedwa yuretheni. Amabwera m'zitini ziwiri; ukasakaniza amakhala ngati uchi, ndipo akauma amasanduka laba wolimba kwambiri. Dalaivala wina wa lole za ku Joni, amene amaima pa Lizulu kugula kabichi, anandibweretsera. Anandipatsa m'manja kutatsala masabata awiri okha kuti chiliza chichitike.

Ndinakweza injini ndi jeke, n'kuichirikiza ndi chipika cha bulugama. Mabawuti anali atadyana ndi dzimbiri, moti limodzi linanditengera masana onse ndi khungu la zala ziwiri. Malabawo ndinawatsuka ndi sopo m'beseni lanu lochapira, mundikhululukire, n'kuwayanika pa thandala la mbale. Atauma ndinamata tepi mbali imodzi ya lililonse kuti mankhwala asadonthe, ndinawakhazika bwinobwino patebulo, n'kusakaniza yuretheniyo ndi kamtengo. Kenako ndinayamba kuthira. Laba lililonse lili ndi mipata imene opanga anaisiya dala. Ndinkadziwa chifukwa chake. Mwina ndinalembapo mayeso a zimenezi. Koma ndinadzaza yonse mpaka pakamwa, osasiya ndi umodzi womwe. Ndinkafuna chinthu chimodzi m'nyumba muno chimene sichidzang'ambikanso.

Pachitini analemba kuti zimauma pa masiku asanu ndi awiri pamalo ofunda. Amene analembayo sanagonepo ku Ntcheu m'mwezi wa Juni. Patapita masiku anayi ndinakhudza ndi chala, chala n'kusiya chidindo. Tsiku lachisanu chimodzimodzi. Ndinakhala pansi m'khitchini n'kuyamba kudziwerengera milandu: kuti zaka zonse za ku koleji zinangothera pa choko ndi bolodi, kuti bambo amene sanafike ndi ku sekondale komwe akanazikonza ndi waya ndi chubu cha njinga, kuti mwina bambo aang'ono akunena zoona ndipo ine ndikungokakamira chigoba. Panalibe woti n'kumuuza. M'mudzi muno ndikalankhula za injini amati ndikudzionetsa, ndikakhala chete amati ndimanyada.

Ndili pomwepo ndinaona mphika wanu wa thobwa uli chovundikira pangodya. Ndinakumbukira mmene munkachitira nyengo ngati ino, thobwa likamakana kupsa. Munkachotsa makala onse, n'kusiya phulusa lofunda lokha, n'kukhazikapo mphika, n'kuufunditsa chiguduli ndi bulangeti lakale la bambo. Ine ndikamafunsa kuti bwanji osangosonkha moto waukulu, munkati, "Chinthu chikamachedwa usachikalipire, mwanawe. Chifunditse." Ndinaika malaba atatu aja mu mphikamo, pa mchenga wouma kuti akhale mowongoka, n'kuchita zonse monga inu. M'mawa ndisanapite kusukulu ndinkasintha phulusa, pobwera madzulo ndinkasinthanso.

Felesita anafika Lachitatu ndi mwana kumbuyo, kudzayamba zokonzekera. Ataona mphika wofunditsidwa anasangalala, akuganiza kuti mchimwene wake wachita chamuna n'kuphika thobwa la alendo. Anavundukula. Atasuzumiramo anati, "Achimwene, sukulu yonse ija munapitira kuti muzidzafulula zitsulo?" Anaseka mpaka misozi, ndipo pakati pa kusekako misoziyo inasintha. Anati bulangetilo likadali ndi fungo la utsi wanu. Tinakhala awiri m'khitchini muja, Edina akuyamwa. Chichokereni inu, aka kanali koyamba kukhala naye pamodzi popanda nkhani yoti tikambirane.

Lachinayi ndinakanikiza ndi chikhadabo, osalowa. Lachisanu ndinabwezeretsa zonse, bawuti lililonse ndikulimanga kawiri. Ndinathira petulo, ndinaika batire lobwereka, ndinathamangitsa nkhuku. Kambuzi anatsokomola katatu n'kulira. Amayi, ndinazimitsa msanga n'kukhala mmenemo ndekha kanthawi, chipumi chili pa chiwongolero.

Tsiku la chiliza bambo aang'ono anati akwera okha kuti pasakhale chinyengo. Anakhala pa mpando wanu, chipewa pamutu, chibonga chawo pakati pa miyendo. Chitunda cha kumanda chija, chimene kale tinkakwera ndi giya woyamba injini ikugunda, tinakwera ndi giya wachiwiri popanda "gu!" ndi mmodzi yemwe. Ndikaponda mafuta ankangolumpha, ngati mmene ankachitira bambo akamatithamangitsa pa tala wa ku Nsipe inu mukukuwa kuti muli ndi ana m'galimoto. Koma titaima pachipata cha manda, injini ikulira pang'onopang'ono, zonse zinayamba kunjenjemera: chiwongolero, mipando, magalasi, zitseko. Pagalasi loonera kumbuyo anthu a kwaya ankaoneka awiriawiri. Kugwedera konse kumene malaba ofewa aja ankameza, tsopano kunkabwera kwa ife.

Bambo aang'ono anatsika akugwira nsagwada. Anati, "Iwe, galimoto yakoyi ili ndi malungo. Mano anga atatu otsalawa ukufuna uwagwetse?" Anthu anaseka. Kenako anamenya denga ndi chikhatho n'kunena mokweza kuti onse amve, "Koma yafika yokha. Mawu anga ndi amodzi. Ndi yako." Chiliza chanu ndi chabwino, amayi, choyera, pambali pa cha bambo. Amayi anzanu a kumpingo anaimba nyimbo yanu ija mpaka kumapeto, ndime zonse.

Mwambo utatha, ndinauza Felesita kuti ndimuperekeza pa galimoto mpaka pa siteji. Ndinali nditaganizira za ulendo umenewu masiku ambiri, kuti Edina akwere mmene munkakwera inu. Analowa mwana ali m'tulo. Nditangoliza injini, mwana anadzidzimuka n'kuyamba kulira kosatonthozeka, timanja tili m'mwamba. Tinayenda pang'ono, kulira n'kumakulirakulira. Felesita anandigwira phewa nati, "Imani, achimwene. Pepani. Sangathe." Anatsika, anam'bereka, n'kupitiriza wapansi pamodzi ndi amayi ena. Ndinawatsatira pang'onopang'ono kwa kanthawi, nditanyamula chikwama chake chokha, mpaka ndinaona kuti ndikuwachititsa manyazi. Ndinakasiya chikwamacho pa siteji n'kubwerera.

Ndiye Kambuzi ndamupulumutsa ku sowo, koma palibe amene akufuna kukweramo. Abusa anakwera kamodzi, ulendo wotsatira anati ayenda wapansi chifukwa cha thanzi. Masiku ano ndimaganiza zambiri za mipata ija ndinatseka. Ndimakumbukiranso bambo akabwera ndi ukali wawo wa ku mgodi, mmene munkakhalira pakati pa iwo ndi ife, kuyankha mofatsa, ife n'kumagona osadziwa kuti kwachitika kanthu. Sindinkadziwa kuti zambiri zinkathera mwa inu. Sindinakufunsenipo ngati munkang'ambika.

Pali chinthu china chaching'ono. Galimoto ikaima injini ikulira, m'kabokosi ka kutsogolo kwa mpando wanu mumamveka "ngili-ngili-ngili." Ndinatsegula n'kupezamo supuni yanu ija munkamwera mankhwala paulendo, ikugundana ndi kabotolo kopanda kanthu. Kulira kwake ndi kofanana ndi mmene munkatakasira tiyi mukafuna kuti ndisiye mabuku ndibwere. Ndinatseka osachotsa. Nthawi zina ndikaweruka ndimaima pachipata mphindi zingapo osazimitsa injini. Ndikudziwa kuti ndi supuni chabe.

Sabata yatha ndinabwereka chobowolera. Mankhwalawa akauma sachoka, koma munthu angathe kubowolamo timabowo kuti laba lipeze popumira. Ndikabowola pang'ono, sizisintha kanthu. Ndikapitirira, ling'ambika, ndipo yuretheni wina ndilibe. Mwinanso supuni ija isiya kulira. Ndakhala sabata yonse ndikuyang'ana chobowoleracho patebulo, monga ndinachitira ndi mbatata ija. Koma ulendo uno sindinena kuti ndiona mawa. Ndikangotsiriza kalatayi ndikukakweza jeke, ndiyamba ndi laba la kumbali yanu, bowo limodzi, kenako ndiyesa, kenako lina.

Mvula isanagwe ndibwera naye Edina kudzakuonani. Mukadzamva Kambuzi akukwera chitunda, musadzadabwe kuti simukumva kulira kwa mwana. Adzakhala ali m'tulo pa mpando wanu, m'manja mwa mayi ake, ndipo sindidzamudzutsa mpaka titafika. Ndikulonjeza zimenezo.

Mupereke moni kwa bambo, muwauze kuti galimoto yawo ikadali ndi matayala ake onse.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Lameki